Adandiika chitsulo m'chiuno: zomwe unamwino sudandiphunzitse

Mwezi wathawu ndili pamzere kubanki ina mu Limbe, bambo wina wachikulire woyendera ndodo adandikodola. Adati akundikumbuka, ndidasamalirapo malemu akazi awo m'wodi zaka zambiri zapitazo. Titapatsana moni adatsitsa mawu ngati munthu woulula mlandu.

"Asisita, adotolo akuti fupa langa la m'chiunomu latha, andichotse aikemo chitsulo. Ana akuti ndivomere, koma ine mantha. Kodi munthu wachitsulo amayendanso?"

Sindidawayankhe ndi pakamwa. Ndidapempha mtsikana amene adali pambuyo panga kuti andisungire malo, ndidayenda kukafika pakhomo pomwe pamaima mlonda paja, n'kubwerera. Ndiye ndidawafunsa kuti, "Bambo, mwa miyendo yanga iwiriyi, wachitsulo ndi uti?" Adayang'anitsitsa n'kuloza wamanzere. Chonsecho ndi wamanja.

Pamzere wa kubanki sipofotokozera nkhani yaitali, n'chifukwa chake lero ndati ndiifotokozere pano, kuti bambo aja ndi ena onse amene adotolo awauza mawu omwewa amve bwinobwino. Ine ndidamaliza maphunziro a unamwino ku Kamuzu College of Nursing mu 1984 ndipo ndidapuma pantchito mu 2020. Zaka zoposa khumi mwa zaka zimenezi ndidali m'wodi ya mafupa. Ndinkadziona ngati ndikudziwa zonse. Koma mu June 2023 nditagona ndekha pabedi lija, ndidazindikira kuti ndinkangodziwa za masiku ochepa a m'chipatala okha. Za kunyumba, komwe munthu amachirira kwenikweni, ndidali mbuli ngati wina aliyense.

Tiyambe ndi chomwe chimathacho. Pamene mwendo udalumikizana ndi thupi, pomwe akuluakulu amati panyung'unyu, fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira umene umalowa m'kambale ka fupa la chiuno, monga munsi ulowera mumtondo. Mutuwo ndi kambaleko zidakutidwa ndi chicherewecherewe, choyera choterera chija mumachiona kunsonga ya fupa la nkhuku. Chimenechi chikatha, fupa limakhulana ndi fupa linzake, ndipo sichimeranso, ngakhale mutamwa mankhwala a mtundu wanji.

Ambiri amaganiza kuti ululu wake umamveka kumbali kapena kumatako. Koma umakonda kumveka kutsogolo, m'mphechepeche, n'kumatsika ndi ntchafu mpaka pabondo. Ine, namwino wathunthu, ndidatha chaka chonse ndikupaka mankhwala bondo losalakwa. Kenako ndidayamba kulephera kuwenga zikhadabo za kuphazi, kuvala nsapato kudasanduka ntchito, ndipo usiku ndinkadzuka kawiri katatu kusowa pouika mwendo.

Apa ndiulule kupusa kwanga. M'malo mopita kukajambulitsa, ndinkangogula diclofenac ndi indosidi kufamase, lero uyu mawa uyo, kwa zaka ziwiri. Tsiku lomwe adandiyeza magazi, adotolo adandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Amayi, impso zanuzi mwatsala pang'ono kuzimaliza. Inuyo mukadapeza wodwala akuchita zimenezi mukadamutani?" Ndidangoti kukamwa pululu. Mankhwala amenewa amathandiza masiku ochepa, koma akamwedwa miyezi ndi miyezi amabweretsa zilonda za m'mimba, amaononga impso ndiponso amakweza BP. Ngati mwafika poti tsiku silingathe osamwa, nthawi yojambulitsa idakwana kale. X-ray imodzi yokha imaonetsa zambiri.

Musaganize kuti ili ndi vuto la nkhalamba zokha. Kumaiko a azungu ambiri oikidwa chitsulo ndi okalamba odwala nyamakazi. Kwathu kuno, kaundula wa opaleshoni zoterezi amene adayamba mu 2005 adaonetsa kuti mwa odwala oyambirira, ochuluka adali ndi vuto lina: mutu wa fupa uja umafa chifukwa magazi asiya kufikako, kenako umaphwanyika. Ambiri adali anthu a zaka za m'ma 50, ena ocheperapo. Zimene zimabweretsa vutoli ndi monga kumwa prednisolone kwa nthawi yaitali, uchidakwa, matenda a sickle cell, kuthyoka kwa fupa pafupi ndi mutuwo, komanso limapezeka kawirikawiri mwa anthu amene ali ndi HIV. Ndipo kwa inu amene muli pa ma ARV, wina asakunamizeni kuti simungachitidwe opaleshoniyi. Madotolo a ku Blantyre adalemba mu 2014 kuti odwala awo amene ali ndi kachilomboka adachira bwino lomwe ataikidwa chitsulo.

Gulu lina ndi la agogo athu amene amaterereka kubafa kapena pakhonde. Gogo akagwa n'kulephera kudzuka, mwendo n'kuoneka waufupi, phazi litagonera kunja, dziwani kuti khosi la fupa la ntchafu lathyoka. Musakoke mwendowo, musathowe, musatemere mphini. Pezani galimoto tsiku lomwelo. M'zaka zanga za m'wodi ndidasamala agogo ambiri amene ankagona masabata 6 kapena kuposa, mwendo atawumangirira cholemera kuti fupa ligwirane, chifukwa zitsulo kudalibe. Ena ankatuluka zilonda pamsana, ena chibayo n'kuwatenga tikuona. Nkhope zawo ndimazikumbukabe. Munthu wokalamba kugona chigonere kumamupha msanga kuposa fupa lothyokalo, ndipo phindu lalikulu la chitsulo n'lakuti chimamudzutsa mwachangu.

Opaleshoni imeneyi si yachilendo ayi. Dotolo wa ku England, John Charnley, ndiye adaikonza kuti ikhale monga tikuidziwira lero, pachipatala cha Wrightington mu 1962, ndipo anthu mamiliyoni aikidwa chiyambire. Kuno kwathu idayamba kuchitika pafupipafupi chitatsegulidwa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre mu 2002, ndipo mu 2023 ku Lilongwe kudatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION pa Kamuzu Central. Ena amapita ku India kapena ku South Africa. Kulipira wekha ndi nkhani ya mamiliyoni, sindikubisirani. Ine zidatheka chifukwa cha sikimu ya zachipatala yomwe mwana wanga adandilembetsa, kuphatikizapo kapoloti komwe tidagulitsa. Musanagulitse chilichonse, yambani mwaonana ndi a zamafupa pachipatala cha boma chapafupi kuti akutumizeni koyenera, ndipo ngati muli pasikimu funsani mwakalata kuti adzalipira zingati.

Asanakupatseni tsiku amayeza magazi, shuga, BP, mtima ndi mkodzo. Chimene chimadabwitsa anthu n'chakuti amayang'ananso m'kamwa. Dzino lobooka, chithupsa, chilonda cha pamwendo, ngakhale linyetsu la pakati pa zala, zonsezi ndi makomo olowera tizilombo, ndipo tizilombo tikafika pachitsulo sitimva mankhwala msanga. Ine adandibweza mwezi wathunthu chifukwa cha dzino limodzi. Ndidakwiya, koma ankanena zoona. Osuta fodya asiye, chifukwa fodya amachedwetsa bala kupola. Ndipo auzeni adotolo mankhwala onse amene mumamwa, ndi azitsamba omwe. Musachite manyazi, amva zambiri.

Tsiku la opaleshoni sindidadye kuyambira pakati pa usiku. Kufiyeta adandikhazika mowerama n'kundibaya jakisoni wa pamsana. Posakhalitsa miyendo idayamba kutentha, kenako kulemera, kenako ngati si yanga. Anthu amaopa jakisoni ameneyu, amati amapha ziwalo mpaka kalekale. Mphamvu yake imatha pakapita maola ochepa. Adandipatsanso mankhwala oodzeretsa, komabe chapatalipatali ndinkamva sowo ndi hamala, ngati ndagona pafupi ndi shedi ya akalipentala ku Ndirande. Ululu ndiye kudalibe. Chomwe amachita n'kudula mutu wothawo, kulowetsa chitsulo chonga msomali waukulu m'kati mwa fupa la ntchafu, kuikapo mutu watsopano, n'kukhomera kambale katsopano kokhala ndi pulasitiki wolimba m'fupa la chiuno. Ena amawamatira ndi simenti yakeyake ya mafupa, ena fupa limadzagwira lokha chitsulocho. Ntchito yonse sidapitirire maola awiri.

M'mawa mwake a mafizo adafika ndi chitsulo choyendera cha miyendo inayi chija n'kuti, "Tiyeni Amayi, tidzuke." Ine ndidakana. Ndidati mutu ukuzungulira, bala likuwawa, abwere mawa. Namwino wa m'wodimo, mtsikana amene ndidamuphunzitsapo ali pasukulu, adangoima kumiyendo kwa bedi n'kunena mwaulemu kuti, "Asisita, mudatiuza ndinu kuti bedi ndi mdani wa wodwala. Kapena zidasintha?" Ndidadzuka ndi manyazi. Masitepe anayi kupita, anayi kubwerera, thukuta kamukamu. Koma ndidazindikira chinthu chimodzi pomwepo: ululu wa bala udalipo, koma ululu uja wa fupa kukhulana ndi fupa, umene ndidakhala nawo zaka zitatu, udali utapita.

Amakudzutsani msanga chonchi pofuna kupewa magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, chifukwa chibuluma cha magazi chikathawira kumapapo munthu amatha kufa mwadzidzidzi. Pachifukwa chomwecho amakupatsani jakisoni wa pamimba kapena mapiritsi osungunula magazi, ndipo mumapitiriza kunyumba kwa pafupifupi mwezi. Musasiyire panjira poti mukupeza bwino. China chomwe palibe amakuuzani n'chakuti mankhwala amphamvu opha ululu amamanga m'mimba. Ine ndidatha masiku anayi osapita kuseri. Papaya, masamba ndi madzi ambiri zidandiombola. Tsiku lachisanu adanditulutsa.

Tsono apa ndi pomwe pagona nkhani. Timapepala ta malangizo timene amapereka tidalembedwera anthu okhala m'nyumba za mipando yaitali, zimbudzi zokhalira ndi makina ochapira. Ife moyo wathu uli pansi. Timaphika pansi, timachapa pansi, timasesa chowerama, timacheza pamphasa, kuchimbudzi timanjuta, ndipo ulemu wathu ndi kugwada. Chonsecho malamulo amene adandipatsa kwa miyezi itatu yoyamba adali atatu: bondo lisakwere kuposa chiuno ndipo ndisawerame kutola chinthu pansi, ndisapingase miyendo, ndisapotokole thupi phazi litaponda pansi. Chifukwa chake n'chakuti minofu yomwe adaidula isanagwirane, mutu watsopano uja ukhoza kuguluka m'kambale. Madotolo ena masiku ano, malinga ndi mbali yomwe ang'ambira, sapereka malamulo onsewa, choncho tsatirani zomwe dotolo wanu wanena, osati za mnzanu wa bedi loyandikana. Koma kunjuta kokha, sindidamvepo dotolo amene amaloleza m'masabata oyamba.

Ndili pantchito tidalandirapo mayi wina amene adabwerera patangotha masabata atatu, akulira mokuwa, mwendo utafupika n'kupotokera m'kati. Sadagwe ayi. Adangowerama kuti auzire moto pamafuwa poti mdzukulu amachedwa. Adabwerera naye kufiyeta kukaubwezeretsa. Nthawi imeneyo ndidamukalipira kuti samva. Lero ndikudziwa kuti olakwa tidali ife, amene tidamuuza kuti "musawerame" osamufunsa kuti kwawo amaphikira pati.

Choncho nyumba ikonzedwe musanapite kuchipatala, osati mutabwerako. Choyamba ndi chimbudzi. Kwathu tili ndi chokumba panja ndi chamadzi m'nyumba, koma chamadzicho n'chachifupi. Bambo a kunyumba adaitana kalipentala, adandiyeza kuchokera pansi kufika pamwamba pa bondo, n'kukhoma mpando wamatabwa woboola pakati, wokhala ndi mogwira m'mbali. Mpando umenewu umakhala pamwamba pa chimbudzi chilichonse, ndipo usiku tinkauika kuchipinda, pansi pake ndowa. Mtengo wake sudafike ngakhale wa thumba la fetereza, koma ndiwo udasunga chitsulo cha mamiliyoni. Mpaka lero ukuyendayenda m'mudzi mwathu, wabwerekedwa kale katatu.

Bedi tidalikweza ndi njerwa ziwiriziwiri kumwendo uliwonse. Amene mumagona pamphasa kapena pamatiresi apansi, bwerekani bedi kwa miyezi itatu, palibe kuchitira mwina. Sofa wofewa uja womira ndidamutsanzika, ndinkakhala pampando wa patebulo nditasanjikiza pilo wolimba. Pogona ndinkagona chagada, pilo pakati pa miyendo, ndipo ichi chidandisowetsa tulo koposa bala. Kubafa beseni linkakhala pasitulu yaitali, ine n'kumasamba choimirira nditagwira chitsulo chomwe tidakhomera kukhoma, bala nditaliteteza kuti lisanyowe mpaka atachotsa ulusi patatha masabata awiri. Sopo tidamuika m'sokosi yakale n'kumangirira chingwe kumsomali, chifukwa sopo akagwa, dzanja limathamangira lokha mutu usanaganize. Mbaula idakwera patebulo la njerwa. Tsache tidalimangirira kumtengo wautali. Polishi wa pansi ndidaletsa, timakalapeti tonse tidachotsa, patapata ndidasiya n'kumavala nsapato zogwira chidendene, ndipo tochi inkagona pansi pa pilo poopa kuti magetsi angazime ndili pakati pa ulendo. Agalu ndi tiana tothamangira kukukumbatira m'miyendo, amenewonso achenjezedwe.

Za gadiyani, sankhani munthu wamphamvu ndi wodekha, ndipo akhalepo pamene a mafizo akuphunzitsa kuti amve yekha. Ana anga aakazi ali kutali, ndiye amene adandisamala ndi mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga wachiwiri. Tsiku loyamba kundisambitsa kumapazi ndi kundiveka, tonse tidasowa poyang'ana. Iye adangoti, "Amayi, inu mwasambitsa anthu zaka 36, lero lokha lolani." Kuyambira pamenepo timakhala ngati munthu ndi mwana wake wobala yekha. Komabe gadiyani wabwino si amene amakuchitira zonse. Achibale ena chikondi chawo n'chakuti, "Gonani, musavutike, tikubweretserani." Chikondi chotere chimalumalitsa. Wodwala adzuke, ayende pang'onopang'ono kangapo patsiku, achite mafizo amene adamupatsa ngakhale akuwawa: kuvinitsa mapazi, kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi ya matako, kutambasulira mwendo kumbali ataimirira.

Ine sabata yachiwiri ndidafooka mtima. Mwendo udatupa mpaka kuphazi, ntchafu idachita zipsera zakuda ngati ndamenyedwa, tulo kulibe, ndipo tsiku lina ndidangoyamba kulira popanda chifukwa, n'kumati bola ndikadangokhala ndi ululu wanga uja. Mafizo ndidawanyanyala masiku atatu. Zotsatira zake mwendo udauma gwa, ndipo kuyambiranso kudawawa kawiri. Ndikunena izi kuti zikadzakuchitikirani musadzaganize kuti opaleshoni yalephereka. Kutupa kumatenga miyezi, kumachepa mukagona n'kukweza mwendo wonse pamapilo. Kukhumudwa nakonso kumabwera kwa ambiri, ndipo kumapita mukayamba kutuluka panja kuothera dzuwa ndi kuona anthu.

Pali kutupa kwina komwe simuyenera kudikira nako kuti kuche. Katumba wa mwendo akatupa mbali imodzi, n'kulimba, n'kumatentha ndi kuwawa mukamukhudza, musathowe ndi madzi otentha ndipo musasisite, chifukwa mukhoza kusuntha magazi oundana aja. Pitani kuchipatala. Chimodzimodzi mukayamba kubanika kapena kumva kubaya m'chifuwa, thupi likatentha ndi kunjenjemera, bala likafiira kapena kutuluka madzi ndi mafinya, kapena mukamva kuti khu! m'chiuno mwendo n'kukana kuponda. Thupi likatentha musangoti ndi malungo n'kugula LA pagolosale. Kayezetseni, ndipo muwauze kuti muli ndi chitsulo. Mawu amenewa muzidzawanena moyo wanu wonse, kwa dotolo aliyense, ndi wa mano yemwe.

Kuchoka pachitsulo cha miyendo inayi ndidapita pandodo ziwiri, kenako imodzi. Ndodo imodzi imagwiridwa ndi dzanja la mbali yabwino, osati ya bala, ambiri amalakwitsa pamenepa. Pamasitepe, pokwera mumatsogoza mwendo wabwino, potsika mumatsogoza wachitsulo pamodzi ndi ndodo. Pagalimoto khalani kutsogolo, mpando ataukankhira m'mbuyo, muyambe kukhala kenako mulowetse miyendo yonse pamodzi. Minibasi ya anayianayi, maondo ali kukhosi, iiwaleni kwa miyezi itatu. Kabaza, kaya wanjinga yakapalasa kaya yamoto, ndiye musayerekeze n'komwe. Ndalama ya hayala yopitira kukaonana ndi adotolo iwerengeredwe pamodzi ndi ya opaleshoni.

Zakudya palibe choletsedwa. Ndidamva ena akuti mazira ndi nyama zimabweretsa mafinya pabala. Bodza limenelo. Thupi likumanga minofu ndi kubwezeretsa magazi amene adatayika, ndiye likufuna usipa, matemba, mazira, nyemba, chiponde, chiwindi, bonongwe ndi chisoso. Chongofunika kusamala ndi kunenepa, poti munthu ukungokhala ndipo aliyense wobwera kudzazonda wanyamula sobo ndi mabanzi.

Mayeso aakulu adandipeza sabata yachisanu. Alamu anga, achimwene awo a bambo a kunyumba, adatisiya kumudzi. Maliro otere sungatumize uthenga. Tidapita pagalimoto, ine ndi ndodo zanga ndi mpando wapulasitiki wokhala ndi pilo. Mukudziwa mmene zimakhalira kusiwa: amayi tonse pansi, miyendo tambalale, mipando ndi ya abambo panja. Ine ndidalowa n'kudzika mpando wanga pakona. Nyumba yonse idangoti zii. Kenako ndidayamba kumva manong'onong'o kumbuyo. "Ndi usisita umenewu?" "Za m'tauni izi, mwamuna wamwalira ndi mlamu wake weniweni." Mawu amenewa adandilasa kuposa mpeni wa adotolo, ndipo ndikuuzani zoona, ndidagwira ndodo kuti nditsike ndikhale pansi, zichitike zichitike. Miyezi yonse ya ululu, poloti yomwe tidagulitsa, zonse ndidatsala pang'ono kuzitaya chifukwa choopa pakamwa pa anthu.

Adandipulumutsa ndi apongozi anga aakazi aang'ono, gogo wa zaka za m'ma 80. Adandigwira phewa n'kunena mokweza kuti, "Inu, mwanayu adamung'amba, ali ndi chitsulo m'thupi. Akakhala pansi apa tinyamula maliro awiri. Musiyeni." Nkhani idathera pomwepo, ndipo ena mwa onong'ona aja ndi amene adadzandibweretsera phala. Phunziro lomwe ndidatolapo n'lakuti ndidalakwitsa kulowa ndi mpando osayamba ndatumiza mawu. Anthu athu si ouma mtima, amangofuna auzidwe. Pamaliro, pachinkhoswe, kutchalitchi, tumizani munthu kwa eni mbumba kapena kwa amfumu kuti alengeze. Za kugwada popereka moni kapena madzi kwa akuluakulu, kuomba m'manja ndi kuweramitsa mutu zikwanire kaye. Ndipo inu apongozi, inu amuna, muyambe ndinu kunena kuti "usagwade," chifukwa mkazi wolera bwino sangayambe yekha.

Amuna ndakutchulani, ndiye ndimalize nanu. Funso la za m'banja odwala amaopa kufunsa, adotolo nawo amaiwala kunena. Ambiri amaloledwa pakatha masabata 6 kapena kuposerapo, bala litapola, wachitsuloyo atagona chagada, osapinda kwambiri kapena kupotokola mwendo. Funsani pa tsiku lokaonana ndi adotolo, pitani nonse awiri. Kudikira mwezi ndi theka sikudaphepo munthu. Kwa amayi achitsikana, chitsulo sichiletsa kutenga pathupi kapena kubereka, kungoti a sikelo adziwe.

Mafunso ena amandiseketsa koma anthu amafunsa ndi mtima wonse. Kodi chitsulocho sichichita dzimbiri? Ayi, n'cha mtundu wosachita dzimbiri. Kodi sichikoka mphenzi? Ndadutsa dzinja kawiri, ndili moyo. Pabwalo la ndege chimaliza makina aja, mumangowauza. Kodi chimatha? Inde, chimatha ngati chinthu chilichonse, koma mochedwa. Kafukufuku amene adatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 adapeza kuti mwa zitsulo 100 zilizonse, pafupifupi 58 zimakhala zikugwirabe ntchito patatha zaka 25. Amene amachimaliza msanga ndi wodumphadumpha, wothamanga ndi wosenza katundu wolemera. N'chifukwa chake kwa wachinyamata adotolo amayamba aganiza kawiri, poti akhoza kudzafunika opaleshoni yachiwiri, yomwe ndi yovutirapo.

Ine ndodo ndidaisiya mwezi wachitatu. Kutsimphina kudatha cha m'mwezi wachisanu ndi chimodzi, ndipo mphamvu zenizeni zidabwerera chaka chitatha. Si kuti zonse zili monga kale. Kukazizira mu June pabala pamachita dzanzi, pamphasa sindikhalitsa ndipo podzuka ndimafuna chogwira, thumba la chimanga sindisenza, kulima ndi khasu lalifupi ndidasiyira aganyu. Koma ndimayenda wapansi kupita kumsika n'kubwerera, ndimagona usiku wonse, ndipo paukwati wa mdzukulu wanga chaka chatha ndidavina pelekanipelekani mpaka ana adachita kundikhazika pansi.

Bambo a kubanki aja ndidawapatsa nambala yanga. Adaimba Lachiwiri lapitali kuti avomera, tsiku awapatsa mwezi wamawa. Ndidawafunsa ngati chimbudzi chawo n'chokhalira. Adati n'chokumba. Mwana wawo akubwera Loweruka kudzatenga mpando uja.